Nthawi ya luso tiipereke ku masamu? Makolo ndi aphunzitsi tithandizane

Aphunzitsi Makwinja: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yatigawa pasukulu pathu, ndipo ndikudziwa kuti si pathu pokha. Makolo ena ndi a komiti akufuna kuti nthawi ya Expressive Arts ku Sitandade 7 ndi 8 tiziphunzitsa masamu ndi Chingerezi mpaka mayeso adutse. Akuti kuimba, kujambula, kuumba ndi zisudzo ana akhoza kumachitira kunyumba. Ine sindikugwirizana nazo. Wina asandiuze kuti phunziroli limabwera pamayeso, ndikudziwa, lili pa pepala la Arts and Life Skills. Koma mwana akhoza kuloweza mayina a magule onse a m'Malawi n'kukhoza pepalalo asanagwirepo ng'oma. Funso langa ndi lina. Mwana amene sanapatsidwepo mpata wopanga chinthu chochokera m'mutu mwake, adzatha bwanji kuganizira moyo wosiyana ndi umene akuuona pakhomo pa makolo ake?

Bambo Namakhwa: Aphunzitsi, ulemu wanu, koma a komiti sanalakwe. Ine ndagwira ntchito kuesiteti mpaka kupuma. Amene ankakhala muofesi ndi amene anakhoza masamu. Oimba ankatisangalatsa pa Khirisimasi, pofika Januwale ali mumzere wothyola tiyi, dengu kumsana. Malo kusekondale za boma ndi ochepa, mukudziwa nokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mwana ayambe wasankhidwa, zojambulazo adzazipeza.

Gift wa ku Joni: Madala anena. Kuno ku Johannesburg palibe anandifunsapo ngati ndimatha kuvina tchopa kkkk

Mayi Nampinga: Achimwene a ku Joni, inu sekani, koma ine ndimadya za luso lomwelo. Ndine telala pa Chitakale. Munthu amabwera ndi chilundu chake, wachigula modula, akuti mayi ndisokereni choti ndikaoneke pa chinkhoswe. Sanabweretse chithunzi, sakudziwanso chimene akufuna. Ine ndimayala nsalu ija pathebulo, ndimuyang'ane mwini wake mapewa ndi m'chiuno, ndiyang'anenso maluwa a nsaluyo kumene aloza. Diresi ndimayamba kuliona lonse lili m'thupi mwake, duwa lalikulu likhale apa, mpendero ugwere apa, ndisanagwire choko ngakhale sizasi. Ukangodula usanalione, nsalu ya eni yapita, sibwerera. Tepi ndi masamu zimabwera pambuyo, kudzatumikira chimene waona kale m'mutu. Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka, ena ali ndi MSCE yabwino, kuyeza amayeza bwino kwambiri, koma ukawachotsera chithunzi cha pa foni amangoti kakasi. Amene amagwira msanga ndi aja ankasokera zidole ali ana.

Bambo Namakhwa: Utelala ndi ntchito ya manja mayi, imeneyo sitikuikana. Tikunena za kutaya ola lathunthu ana akuimba.

Tadala: Bambo Namakhwa, ndiloleni ndiyankhe ngati mwana wanu. Ndili ku yunivesite ya MUST, ku Ndata kuno ku Thyolo. Sukuluyi inatsegulidwa mu 2014 ngati ya sayansi ndi luso la zopangapanga, koma mkati mwake muli Bingu School of Culture and Heritage, kumene anzathu amaphunzira nyimbo za ku Africa ndi nzeru za makolo. Amene anaikonza sanaone kuti ziwirizi n'zodana. Komanso tengani nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Anasiya sukulu nthawi ya njala ya 2002 chifukwa cha fizi. Chingerezi ankachimva movutikira. Chimene chinamugwira mulaibulale muja chinali chithunzi cha makina opukusa magetsi ndi mphepo pachikuto cha buku. Kwawo kunalibe makina otero oti akaonere. Anapita kudzala la zitsulo n'kuona fani ya thirakitala, njinga yakutha, dayinamo ndi mapaipi a pulasitiki, iye n'kumaonamo chinthu chimene anthu ena onse sankachiona. Anthu ankati wapenga.

Bambo Namakhwa: Imeneyo ndi sayansi mwana wanga. Wandithandiza kunena mfundo yanga.

Tadala: Magetsiwo ndi sayansi, inde. Koma anzake amene anatsala m'kalasi ankaphunzira sayansi yambiri kuposa iye, ndipo palibe anamanga. Kusiyana kwake kunali kuona chinthu chisanakhalepo.

Aphunzitsi Makwinja: Pamenepo mpomwe ndikufuna tikhazikikepo. Bambo Namakhwa, mukadzadutsa pasukulu pathu mudzaone anyamata a Sitandade 5 akupanga galimoto ya mawaya. Mwana amatola waya wotsala pampanda, amuwongole ndi mwala, apinde chimango. Matayala ndi zivindikiro za chitini cha polishi, kapena zitsekerero za mabotolo zophatikiza ziwiriziwiri, amange ndi mphira wodula kuchubu cha njinga. Povuta ndi pachiwongolero. Waya wautali uja wochokera m'manja mwake ayenera kukhotetsa matayala akutsogolo onse awiri nthawi imodzi, osakhula chimango. Palibe buku limene lamuuza. Amayesa, zikanika, amasule, akhale pansi kuyang'anitsitsa lole yonyamula tiyi ikamakhota pamphambano, abwerere akasinthe. Wina anaika timawaya topotana pansi kuti galimoto yake izinyutuka pamabampu. Nditamufunsa kuti waziona kuti, anati sanazione, wangoganiza kuti katundu asamagwe. Mwana ameneyu pamasamu ali pakatikati. Mukandiuza kuti ola lake limeneli n'lotayika, ine ndikana.

Gift wa ku Joni: Koma zoona, ife tinkapanga zimenezi popanda mphunzitsi. Nde sukulu ikulowapo chiyani?

Aphunzitsi Makwinja: Inu munali ndi nthawi achimwene. Mwana wa Sitandade 8 lero amafika mmamawa, masana pati taimu, Loweruka kalasi, akafika kunyumba kukatunga madzi kapena kukagulitsa nanazi pamsewu. Madzulo nthano za kwa agogo zinalowedwa m'malo ndi mafilimu omasulira a m'mashedi. Tikati akachitire kunyumba, tikunena kuti asachite n'komwe.

Agogo Khoromana: Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, maso ndi ovuta. Inu a ku MUST mwapita kutali ku Kasungu pamene chitsanzo chili pakhomo. Mu 2009 kuno ku Mulanje kunamangidwa mnyamata amene sanamalize n'komwe pulayimale, mlandu wake kutsegula wayilesi popanda chiphaso. Ankaitcha Pachikweza. Anailumikiza yekha ndi zidutswa za mawayilesi akutha, anthu a m'midzi yozungulira n'kumamvera. Lamulo ndi lamulo, sindikutsutsa. Ndikungoti mutu wotero unakulira pakati pathu pompano ndipo tinaudziwa tsiku limene apolisi anabwera.

Ndiye pali Alan Namoko wa ku Thyolo, wa Chimvu Jazz Band. Achinyamata mwina simumudziwa, anamwalira mu 1995. Munthu wosaona, wa kumudzi, banjo yake m'manja, akuimba m'Chilomwe ndi m'Chichewa. Masiku amenewo ambiri a ife Chilomwe tinkachibisa tikafika m'tauni, kuopa kusekedwa. Kumva chilankhulo cha amayi ako chikutuluka pa wayilesi ya MBC, dziko lonse likumvera, kunkatisintha m'kati. Ambiri tinayamba kuganiza kuti kani zathuzi n'zoti munthu n'kuimirira nazo pagulu. Lero tchopa ali m'kaundula wa UNESCO kuyambira 2014, ndipo mwezi wa Okutobala pa Chonde, pa chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe, sipapondeka. Sindikuti Namoko ndiye anachita zonsezo. Ndikuti zinthu zimayamba kusintha m'mitu ya anthu kaye, ndipo oimba amafika kumeneko msanga kuposa a ndale.

Bambo Namakhwa: Akulu, Namoko ndinkamukonda, makaseti ake ndinali nawo. Koma anasiya chuma chanji? Tisanamizane.

Agogo Khoromana: Funso limenelo likafunsidwe kwa ife amene tinkajambulitsa makaseti ake pamsika osalipira mwini nyimbo.

Anamwino Esnart: Pepani ndilowe ndi mbali ina, mwina ndisokoneza. Nonse mukukamba ngati kuona zinthu m'maganizo n'kwabwino kokhakokha. Ife a zaumoyo sitidzaiwala 2017. Mphekesera za anamapopa zinayambira mbali yathu ino, Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu anaphedwa. Misewu inatchingidwa, magalimoto akusechedwa usiku, a United Nations anachotsa antchito awo m'maboma ena. Ife tinkaopa kuyenda ndi makina oyezera BP m'chikwama. Palibe anagwidwa ndi ndowa ya magazi, koma munthu aliyense ankatha kukufotokozera mwatsatanetsatane mmene amabowolera denga, mmene amapoperera mankhwala ogonetsa, mapaipi ake otalika bwanji. Amenewo sanali maganizo opeka? Anali amphamvu kuposa sewero lililonse. Nde mukati tiwaphunzitse ana kupeka, ine mtima umagunda.

Gift wa ku Joni: Eeeh apa nde mwalasa asisi. Ngakhale ife tinabwera kuno chifukwa cha Joni wa m'mutu, wosiyana ndi Joni weniweni.

Aphunzitsi Makwinja: Anamwino, mfundo yanu ndi yolemera kuposa zonse zanenedwa pano, ndipo sindiithawa. Koma taonani. Anthu aja sanaphunzire kupeka m'kalasi ya luso. Mutu wa munthu umapeka wokha, ufune usafune, makamaka pamene pali mantha ndi umphawi. Chimene sanaphunzire ndi kuzindikira kuti apa ndikupeka. Mwana amene wapangapo sewero amadziwa mmene nkhani imamangidwira. Amadziwa kuti ukafuna anthu achite mantha umaika usiku, umaika mlendo, umaika chinthu chimene palibe wachiona koma aliyense wamva kwa msuweni wake. Wazipangapo yekha ndi manja ake, ndiye akazimva pamsika amazizindikira.

Chachiwiri ndi ichi. Chaka china ndinapatsa Sitandade 7 sewero la mlendo amene wasochera m'mudzi madzulo, anthu n'kumuzungulira. Mnyamata wolongolola kwambiri m'kalasi, amene ankafuna kukhala mtsogoleri wa gulu lokuwa, ndinamupatsa malo a mlendoyo. Ndinamuuza kuti mawu sindikulembera, udziyankhire wekha. Anzake atamuzinga ndi timitengo akukuwa kuti tiuze wabwera kudzatani, anayamba n'kuseka. Kenaka anayesa kufotokoza kuti akufuna nyumba ya azakhali ake, sakumumvera. Anatulutsa kathumba kuti aonetse kuti mulibe kanthu, wina anakalanda n'kukuwa kuti taonani zida zake. Kuseka kunatha. Anangoima, milomo ikunjenjemera, n'kunena chapansipansi kuti ndiye ndinene chiyani kuti mundikhulupirire. Kalasi yonse inati zii. Tinakambirana mpaka belu. Ndikanawalembera pabolodi kuti kulanga munthu popanda umboni n'kulakwa, akanakopera bwinobwino n'kuiwala. Kuima pamalo a munthu wina, ngakhale kwa mphindi zochepa, masamu sangakuphunzitse.

Anamwino Esnart: Imeneyo ndaimva. Komabe zimadalira mphunzitsi. Ena ola limenelo amangoti ana imbani, iwo ali pa foni pansi pa mtengo.

Aphunzitsi Makwinja: Alipo otero, sindingawaikire kumbuyo. Enanso sanaphunzitsidwe mokwanira mmene angaliphunzitsire, ndipo zipangizo kulibe. Koma mphunzitsi wa masamu akakhala waulesi sitichotsa masamu.

Agogo Khoromana: Pa za kupeka kwabwino ndi koipa, tisaiwale Napolo. Makolo athu analibe mawu a sayansi ofotokozera chifukwa chimene phiri limagumukira mvula ikagwa masiku otsatizana. Anati m'phirimo muli chinjoka, chikamasamuka kupita kunyanja chimakokolola zonse za m'njira yake. Ku Zomba chinadutsa mu 1946. Mu Malichi 1991 chinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana ku Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe ili mbali ya boma la Mulanje. Malemu Steve Chimombo wa ku Chancellor College anamutenga Napolo yemweyo n'kumulembera ndakatulo, ndipo owerenga ankamva kuti sakunena za madzi okha, chifukwa masiku amenewo zinthu zina sunkazitchula dzina. Tsono chimene ndikufuna kunena n'chakuti agogo athu ankaloza khwawa n'kunena kuti umu ndi m'njira ya Napolo, usamangemo. Mwana sankaiwala, chifukwa njoka imakhala m'mutu kuposa chenjezo wamba.

Tadala: Agogo, pamenepo ndikutsutsaniko pang'ono. Namondwe wa Freddy atabwera mu Malichi 2023, anthu ena ankati ndi Napolo basi, palibe chimene tingachite. Nthano yomweyo ikhoza kutseka maganizo. Munthu osaonanso kuti mitengo yatha m'phiri, kuti tikulima mpaka m'mphepete mwa Likhubula ndi Ruo.

Agogo Khoromana: Ndiye ntchito yanu ophunzira ndi kuipitiriza nthanoyo, osati kuitaya. Muwafunse ana kuti chimamudzutsa Napolo n'chiyani, ajambule phiri lili ndi mitengo ndi lopanda mitengo, aonetse kumene angathawire usiku. Mudzaona ngati sagwira msanga kuposa kuwawerengera malipoti.

Tadala: Imeneyo ndailemba agogo.

Chikondi M.: Ine ndingoponyapo kamodzi, ndili pantchito. Wolemba ndakatulo Jack Mapanje anatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda mlandu kukhoti. Cholembera ndi pepala zinali zoletsedwa, ndakatulo zambiri ankazipeka n'kuzisunga pamtima. Boma likamaopa wolemba ndakatulo mpaka kumutsekera zaka zonsezo, ndiye kuti likudziwa chimene ndakatulo imachita m'mitu ya anthu. Ife tokha ndi amene tikuti n'zamasewera.

Bambo Namakhwa: Nonse mukulankhula bwino, koma palibe wandiyankha za m'thumba. Kholo limene likuthyola tiyi likufuna mwana adzalithandize. Mundiuze kuti luso lidzamudyetsa bwanji.

A Muhiwa osema: Bambo, ndiyankhe ine amene ndili m'ntchitoyi. Ndimasema pa Likhubula, pamene alendo amayambira kukwera phiri la Mulanje. Bambo anga ankasema mabokosi a mkungudza, ine ndinakulira fungo limenelo. Tonse pamzere uja tinkapanga zofanana, bokosi, ndodo, bokosi, ndodo. Mlendo akagula kwa woyamba, enafe tangokhala. Kenaka mkungudza unatha. Kafukufuku wa 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha m'phiri lonse, mtengo umene ndi chizindikiro cha dziko lathu. Kudula n'koletsedwa, ndipo n'zoyenera. Anzanga ambiri amene manja awo ankadziwa bokosi lokha anasiya, ena ali pa kabaza ku Limbuli, ena akuwotcha makala. Amene tatsala ndi amene tinatha kufunsa kuti kodi china chimene tingapange n'chiyani, ndi mtengo wanji. Ine ndinayamba kutola mizu ndi zitsa zimene madzi anakokolola. Muzu umabwera wopindikapindika, sungaulamule. Umauzunguza m'manja mpaka uone chimene chili m'menemo, mwina mayi wasenza mtolo, mwina nyani wakhala pamwala, ndiye n'kuchotsa zotsalazo ndi sompho ndi tchizulo. Chimodzi chotero chimagulidwa mtengo wa mabokosi angapo, chifukwa palibe chinzake.

Sindikunamizani kuti ndine wolemera. Miyezi ya mvula alendo kulibe, timalima ngati wina aliyense. Koma pitani ku Mua, ku Dedza, mukaone Kungoni, malo a luso ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Osema a kumeneko ntchito zawo zili m'matchalitchi ndi m'nyumba za kunja kwa dziko lino. Ndipo poti phiri lathu lalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2025, alendo akachuluka adzafuna kugula chinthu cha kuno. Tikapanda kukonzekeretsa ana athu, adzagulitsa ndi anthu ochokera kwina, athu akunyamula zikwama.

Bambo Namakhwa: Kunyamula zikwama nakonso ndi ntchito, musanyoze.

A Muhiwa osema: Sindikunyoza bambo, ndinanyamulapo mpaka ku Chambe ndi ku Sapitwa. N'chifukwa chake ndikudziwa kuti mawondo amatha.

Mayi Nampinga: Kkkkk a Muhiwa. Koma bambo Namakhwa, mfundo ya a Muhiwa si ya osema okha. Taonani a nthochi ku Thyolo. Matenda a chisaka atalowa, minda inatha, malole a nthochi amene tinkawaona akupita ku Limbe anasowa. Amene anadzuka msanga ndi amene anatha kuganiza china. Mwana wanu angakhoze masamu, koma dziko limene adzakhalemo silidzafanana ndi la mayeso.

Bambo Namakhwa: Ine sindinagonje. Mwana akalephera kusankhidwa, palibe wa inu adzamulipirire sukulu yapulaiveti. Koma ndingavomere ichi: ola la luso likhalepo ngati mphunzitsi akuphunzitsadi, osati ana imbani. Ndipo teremu yomaliza ya Sitandade 8 ikhale ya mayeso basi.

Aphunzitsi Makwinja: Teremu yomaliza tikhoza kukambirana. Sitandade 7 ndiye ayi.

Gift wa ku Joni: Nanga zipangizo? Utoto ndi mapepala ndi zodula. Ine ndikhoza kutumiza makrayoni ndi mabulashi pa basi ya mwezi wamawa ngati wina angakalandire ku Blantyre.

Aphunzitsi Makwinja: Tithokoze achimwene, tilandira. Koma tisadikire za ku Joni. Dongo lilipo kudambo, makala alipo, makatoni a m'magolosale, ulusi wa masaka, njere, dothi lofiira la kuno limapaka bwino pakhoma kuposa utoto wina wogula.

A Muhiwa osema: Ine Loweruka masana ndikhoza kumatenga ana ochepa, osapitirira 10, chifukwa mipeni ndi yakuthwa ndipo maso anga ndi awiri. Ayambira pa sopo ndi dongo, mtengo pambuyo. Atsikana abwerenso, asamati kusema n'kwa amuna. Kholo libwere nalo tsiku loyamba tidzaonane.

Anamwino Esnart: Ndikupatsani mabandeji ndi spirit, mudzazifuna.

Bambo Namakhwa: Mudzalipiritsa zingati a Muhiwa? Ndili ndi mdzukulu wa Sitandade 6 amene wandithera makoma ndi makala.

A Muhiwa osema: Ndalama ayi bambo. Aliyense abwere ndi sopo wake wa mtanda, wouma bwino, ndi msomali wa mainchesi 4 woti tidzausule ukhale kampeni. Wofewa uja wa masiku ano asabwere naye, amaphwanyika.

Mayi Nampinga: Nanga a ku Luchenza ndi ku Thyolo boma afika bwanji pa Likhubula, thiransipoti yake imeneyi?

Tadala: Ndifunsa anzanga a ku Bingu School ngati ena angamapite ku Luchenza kapena ku Goliati pa holide. Ndikuyankhani Lachitatu tikatuluka m'kalasi.